Tsatira madzi

1. Dimba lathu

Kwathu ndi ku Angónia, m'cigawo ca Tete.
Ine ndili m'kalasi yoyamba.
Kuseri kwa nyumba yathu kuli dimba laling'ono.
M'dimbamo muli mpiru ndi matimati.
Mpiru ndi ndiwo zathu.
Matimati amayi amakagulitsa ku msika wa ku Ulongué.
Akagulitsa amagula mcere, sopo ndi makope anga.

Uno ndi mwezi wa Outubro.
Mvula inaleka kalekale.
Dzuwa likuswa mtengo.
Madzi ali kutali, ku citsime.
Amayi ndi acimwene amacita kusenza pamutu.
Madzi osenza pamutu sitiseweretsa.

2. Ndowa ndi mapaipi

Ife sitikhuthulira madzi pa mbewu.
Timathirira modontheza.

Abambo anamanga kathandala m'dimba.
Kathandalako kamandilekeza m'khosi.
Pa kathandala pamakhala ndowa.
Ndowayo ili ndi civindikiro.
M'munsi mwa ndowa muli sefa.
Kucokera pa sefa, paipi imatsikira pansi.
Pansipo imagawikana pawiri.
Paipi ina imapita ku mpiru.
Ina imapita ku matimati.

Mapaipiwo ndi akuda.
Ali ndi timabowo tating'ono.
Timabowo tili pafupi ndi mitsitsi ya mbewu.
Acimwene akathira madzi mu ndowa, timabowo timayamba kudontha.
Dontho. Dontho. Dontho.
Mbewu iliyonse imamwa pa kabowo kake.

3. Mpiru wafota

Abambo ndi amayi anapita ku maliro ku Dómuè.
Anakhalako masiku atatu.
Pakhomo tinatsala ndi agogo.

Tsiku lacitatu m'mawa ndinapita ku dimba.
Ndinayenda motsata paipi.
Pafupi ndi ndowa, dothi linali lonyowa.
Pakati, linali lonyowa pang'ono.
Kumapeto, linali louma gwa!
Mpiru wa kumapeto unali utafota.
Masamba a matimati anali atapinda.

Ndinathamanga.
— Agogo! Agogo! Mpiru ukufa!
Agogo anatenga ndodo yawo.
Anabwera pang'onopang'ono.
Acimwene anafikanso. M'manja anali ndi munga.
— Timabowo tatsekeka — anatero acimwene. — Nditibaye ndi munga uwu.
— Taya mungawo, mdzukulu wanga — anatero agogo. — Ukabaya kabowo, kakula. Kakakula, kamwa madzi a anzake.
— Nanga ticite ciyani, agogo?
— Kuona maso a nkhono n'kudekha. Tsatira madzi. Yambira kumene acokera. Lekezera kumene akupita.

4. Tiyambire pa ndowa

— Kodi mu ndowa muli madzi? — anafunsa agogo.
— Alimo, agogo.
— Nanga ndowayo ili pati?

Ndinayang'ana.
Ndowa sinali pa kathandala.
Inali pansi, pa njerwa ziwiri.

Acimwene anazyolika.
— Ndinaitsitsa ndine, agogo. Pamwamba pamanditalikira. Cidebe cimandilemera. Ndimati madzi ndi omwewo.
— Madzi ndi omwewo, inde — anatero agogo. — Koma mphamvu si yomweyo. Madzi akakhala pamwamba amakankha kwambiri. Akakhala pansi amakankha pang'ono. Safika kumapeto.

Acimwene anatsanulira madzi m'cidebe.
Anabwezera ndowa pa kathandala.
Kenaka anathiramo madzi pang'onopang'ono ndi cikho.

5. Sefa ndi paipi

Madontho anayamba kucuruka.
Koma kumapeto kunali koumabe.
— Tsatira madzi — anatero agogo. — Akacoka mu ndowa amadzera pati?
— Pa sefa.

Acimwene anamasula sefa.
Inali yodzaza matope.
Citsime cikaphwa, madzi amabwera ndi matope.
Ndinatsuka sefa ndi madzi oyera.
Acimwene anaibwezera.

— Akacoka pa sefa amapita kuti?
— Mu paipi.

Ndinayenda ndikugwira paipi ndi dzanja.
Pa matimati ndinapeza popindika.
Mbuzi inaikoka ndi mwendo.
Paipi ikapindika, madzi sadutsa bwino.
Ndinaiwongola.

Tinafika kumapeto.
Kumapeto paipi ndi yopinda ndi yomanga ndi cingwe.
Acimwene anamasula cingwe.
Munatuluka madzi ofiira.
Munatuluka mcenga.
Munatulukanso nyerere zakufa.
Tinadikira mpaka madzi anayera.
Acimwene anapindanso paipi, namanga.

6. Kabowo kamodzi

Tsopano timabowo tonse tinali kudontha.
Ayi, osati tonse!
Kamodzi kanali kouma.
Ka kumanja kanali kudontha.
Ka kumanzere kanali kudontha.
Iko kokha kanali duu.

— Ako ndiye katsekekadi — anatero agogo. — Kapekese ndi zala.
Ndinakapekesa.
Ndinakagogoda ndi cala.
Kanatuluka kadothi.
Kenaka: dontho, dontho, dontho.
Ndinalumpha ndi cimwemwe.

7. Amayi abwera

Madzulo mbewu zambiri zinadzuka.
Koma mpiru 5 sunadzuke. Unauma.

Abambo ndi amayi atafika, acimwene anafotokoza zonse.
Sanabise kanthu.
Amayi anakhala cete pang'ono.
Kenaka anati:
— Wacita bwino kunena. Mawa tiwokerepo wina.
Abambo anatenga njerwa zija.
Anawonjezapo zina.
Anakonza pokwerera pafupi ndi kathandala.
Tsopano acimwene amafikira bwino.

Ine ndinapatsidwa nchito yanga.
M'mawa uliwonse ndimayenda motsata paipi.
Ndimayang'ana dothi.
Ndikaona pouma, sindifuna munga.
Ndimatsatira madzi.

Yankha

1. Kodi m'dimba munali mbewu zanji?
2. Ndani amasenza madzi?
3. Ndi mbali iti ya dimba imene inauma?
4. Cifukwa ciyani acimwene anatsitsa ndowa?
5. Mu sefa munali ciyani?
6. Cifukwa ciyani agogo anakana munga?
7. Kodi kwanu mumathirira bwanji?

Werenga mokweza

ndo-wa
se-fa
pa-i-pi
do-ntho
ma-dzi
di-mba
mpi-ru

Lemba mawu amene akusowa

Sankha pa awa: matope, pamwamba, zala, munga.

1. Ndowa ikhale ________.
2. Sefa yadzaza ________.
3. Pekesa kabowo ndi ________.
4. Usabaye kabowo ndi ________.

Ika mu ndondomeko

Madzi amayambira pati? Amathera pati? Lemba 1, 2, 3, 4, 5.

paipi, ndowa, mbewu, sefa, kabowo

Werengera

1. Pa paipi pali timabowo 10. Timabowo 7 tikudontha. Ndi tingati tatsekeka?
2. Acimwene amadzaza ndowa m'mawa ndi madzulo. Amadzaza kangati pa masiku 3?
3. Pa mzere panali mpiru 15. Mpiru 5 unauma. Watsala ungati?

Jambula

Jambula ndowa ili pa kathandala.
Jambula paipi ndi mbewu 5.
Pa mbewu iliyonse jambula dontho limodzi.

Yesa wekha

Peza botolo la pulasitiki.
Pempha munthu wamkulu aboole kabowo kamodzi m'munsi, cam'mbali.
Tseka kabowo ndi cala.
Dzaza madzi. Usatseke pakamwa pa botolo.
Imika botolo pa mpando, pafupi ndi mbewu.
Cotsa cala.
Kodi madzi akufika pati?
Ika mwala pamene akugwera.
Dikira madzi atsike.
Kodi tsopano akufika pa mwala paja?
Uza anzako zimene waona.

Mawu a Cipwitikizi

madzi — água
dontho — gota
ndowa — balde
sefa — filtro
dimba — horta
kuthirira modontheza — rega gota a gota

KWA MAKOLO NDI ONSE A PAKHOMO

Werengani nkhaniyi pamodzi ndi mwana wanu, cigawo cimodzi kapena ziwiri pa tsiku. Ngati pakhomo palibe wodziwa kuwerenga, mwana akufotokozereni zimene wamva ku sukulu. Zimene zili m'munsimu ndi zanu akuluakulu.

Kumene njirayi inacokera

Kuthirira modontheza ndi mapaipi a pulasitiki kunakula ku Israel, dziko la madzi ocepa. Katswiri wa za madzi Simcha Blass ndiye anakonza kabowo kodonthetsa madzi pang'onopang'ono, ndipo mu 1965 kampani ya Netafim yopanga zipangizozi inakhazikitsidwa ku Hatzerim, m'cipululu ca Negev. M'minda ikuluikulu madzi amakankhidwa ndi pampu. M'dimba la pakhomo mulibe pampu. Cimene cimakankha madzi ndi kutalika kwa pamene mwaika ndowa.

Mphamvu ya madzi

Akatswiri amayeza mphamvu ya madzi ndi muyeso wochedwa bar. Madzi okhala mamita 10 pamwamba amapereka pafupifupi bar 1. Ndowa yokhala mita 1 pamwamba imapereka gawo limodzi lokha mwa magawo 10 a bar. Mphamvuyi ndi yocepa. N'cifukwa cake kanthu kakang'ono, monga matope a mu sefa kapena kupindika kwa paipi, kamaumitsa mzere wonse.

Kumbukirani kuti mphamvu imacokera pa kutalika, osati pa kucuruka kwa madzi. Mgolo wa malita 200 wokhala pansi umayamba bwino ukadzaza. Koma madzi akatsika n'kutsala masentimita 25, mumgolomo mumakhala mudakali malita oposa 50, pamene mphamvu yake sifika ngakhale pa theka la mphamvu ya ndowa yaing'ono yokhala mita 1 pamwamba. Conco mgolo nawonso uikeni pamalo okwera.

Muyeso wa dimba la ndowa imodzi

Ndowa ya malita 20 ikhale mita 1 kapena kuposerapo pang'ono kucokera pa dothi. Itha kuthirira mapaipi awiri a mamita 15 iliyonse. Ngati timabowo tatalikirana masentimita 30, paipi imodzi ili ndi timabowo 50, ndipo mapaipi awiri ali ndi timabowo 100. Ndowa ikatha, kabowo kalikonse kamakhala katapereka mamililita 200, pafupifupi kapu imodzi. Mukadzaza m'mawa ndi madzulo, kapereka makapu awiri. Matimati amafuna malo otakasuka kuposa mpiru, conco abzaleni modumpha kabowo kamodzi.

Musatalikitse paipi mwa kungolumikiza ina kumapeto. Paipi ikatalika kwambiri, mphamvu imathera panjira. Mukafuna kukuza dimba, wonjezani ndowa ina.

Malo otsetsereka

Madimba ambiri a kuno ali pa malo otsetsereka. Ndowa ikhale kumtunda. Mizere ipingase citunda, monga momwe timacitira ndi mizere ya cimanga. Ngati kumapeto kwa mzere kwakwera ndi masentimita 50 ndipo ndowa ili mita 1 pamwamba, mbewu za kumapetoko zataya theka la mphamvu. Ngati mzere watsetsereka kwambiri, mbewu za kumunsi zimamwa zambiri, za kumtunda n'kutsala ndi ludzu.

Dothi limanena pamene pali vuto

Musanamasule ciliconse, yang'anani pamene pauma.

Timabowo tonse taleka kudontha. Vuto lili poyambira. Onani ngati mu ndowa muli madzi, ngati sefa ili yoyera, ndiponso ngati paipi yotsika pa ndowa sinapindike. Nthawi zina mpweya umatsekereza madzi. Masulani kumapeto kuti utuluke.

Pafupi ndi ponyowa, kumapeto ndi kouma. Mphamvu yacepa. Ndowa yatsika, kapena sefa yayamba kutsekeka, kapena paipi yatalikitsa, kapena mzere ukukwera citunda.

Paipi imodzi ikudontha, inzake ayi. Yang'anani pamene mapaipi agawikana. Pangakhale popindika kapena citsotso.

Pali matope pamalo amodzi, kutsogolo kwake ndi kouma. Paipi yabooka. Makoswe amaluma paipi pofuna madzi m'cilimwe, ndipo khasu limaidula popalira. Dulani pobookapo. Lumikizani ndi kapaipi kolimba kakafupi, mumange ndi mphira wa njinga.

Kabowo kamodzi kapena tiwiri tauma pakati pa tinzake todontha. Tatsekeka. Tipekeseni ndi zala madzi akuyenda. Ngati pali zoyera zouma ngati mcere, pakanipo viniga kapena madzi a mandimu, mudikire, kenaka mupekese. Musabaye ndi munga, singano kapena msomali. Mkati mwa paipi yogula, kuseri kwa kabowo, muli kanjira kokhotakhota kamene kamacedwetsa madzi. Kakawonongeka sikakonzeka, ndipo kabowoko kamatha madzi a mbewu zina.

Kuyesa ndi makapu

Mukakayika, tengani makapu atatu ofanana. Kumbani timaenje pansi pa paipi: poyambira, pakati ndi kumapeto. Ikani kapu m'kadzenje kalikonse, pansi pa kabowo. Mangani kaluzi pa paipi pambali pa kabowo kuti madontho atsikire m'kapu. Dikirani mphindi 10. Ngati madzi a m'makapu ali pafupifupi ofanana, zonse zili bwino. Ngati kapu ya kumapeto yatsalira kwambiri, yambani kutsatira madzi kucokera pa ndowa. Nchito yofananitsa makapuyi mpatseni mwana.

Kusamala

Madzi a matope asalowe mu ndowa nthawi yomweyo. Asiyeni m'cidebe usiku wonse kuti adikhe, ndipo pothira sefani ndi nsalu.
Tsukani sefa kawirikawiri. Citsime cikayamba kuphwa, tsukani tsiku ndi tsiku.
Kamodzi pa mlungu masulani kumapeto kwa mapaipi, madzi atuluke mpaka ayere.
Vindikirani ndowa. Dzuwa likamalowa m'madzi mumamera ndere, ndipo ndere zimatseka timabowo. Civindikiro cimaletsanso masamba ndi udzudzu. Koma cisatseke kothinitsa, kuti mpweya uzilowa madzi akamatsika.
Yalani paipi timabowo titayang'ana kumwamba, kuti zitsotso zizikhala m'munsi mwa paipi.
Phimbirani paipi ndi udzu wouma. Dothi limacedwa kuuma.
Chingani dimba kuti mbuzi, nkhumba ndi nkhuku zisalowe.
Mvula ikayamba, tsukani mapaipi, muwakulunge mosapinda, muwasunge pamwamba posafika makoswe.

Cenjezo

Malita 20 a madzi amalemera makilogalamu 20. Mitengo ya kathandala ikhale yolimba, ndipo muziiyang'ana ngati ciswe sicinaidye. Ana asakwere pa kathandala kapena kusewera pansi pake. Asayamwe paipi ndi pakamwa, ndipo asamwe madzi a mu ndowa ya m'dimba. Mwana wamng'ono asapite yekha ku citsime.

Ngati mwana wanu ndiye amadzaza ndowa, onani ngati akufikira. Ngati sakufikira, mukonzereni pokwerera, kapena mpatseni cotungira caching'ono coti azithira kangapo. Mwana wa kalasi yoyamba sangasenze cidebe, koma maso ake ali pafupi ndi dothi. Mpatseni nchito yoyendera mizere m'mawa asanapite ku sukulu. Akakuuzani kuti pena pauma, pitani naye mukaone tsiku lomwelo.